Peugeot 404 ya ku Kawale

M'nyumba zambiri za ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23 muli alubamu kapena kakatoni ka zithunzi zakale, ndipo mukazikhuthulira pamphasa simulephera kupezapo cha munthu atatsamira galimoto. Kawirikawiri galimotoyo si yake. Ndi ya abwana a kuntchito, ya ansembe, kapena ya boma ya nambala ya MG imene dalaivala anabwera nayo kunyumba masana kudzadya nsima. Wojambula akatulukira pa njinga yake, kamera ili m'khosi, anthu ankathamangira kukasintha zovala n'kudzaima pambali pa galimoto iliyonse imene ili pafupi. Chithunzi chikatsukidwa chinkapita kumudzi mu envulopu, kuti abale aone kuti m'tauni muno zinthu zikuyenda.

Chathu chimasiyana ndi zinzakezo chifukwa galimoto imene ili pamenepo inali ya pabanja pathu. Kuseri kwake munthu wina analemba ndi bolopeni kuti "Kawale, 1978". Atsibweni anga aima kutsogolo, malaya oyera apisira, dzanja lili pa boneti. Amayi aima chapambali, diresi yawo yadutsa mawondo monga linkafunira lamulo la kavalidwe la 1973, ndipo ana atatu takhala pa chitseko chakumbuyo, miyendo ili lendelende. Galimotoyo ndi pikapu ya Peugeot 404. Nkhope za anthuwo ndimazidziwa ngakhale nditatsinzina. Chimene chimandichedwetsa pa chithunzichi masiku ano ndi galimotoyo, chifukwa ukaiyang'anitsitsa imaulula zimene anthu amene anaipanga ankaganiza za msewu, za okwera, ndi za munthu amene adzagone pansi pake ndi sipanala tsiku limene idzafe.

Kutsogolo kuli nyali ziwiri zozungulira, iliyonse kunsonga kwa mbali yake, itazingidwa ndi mkombero wonyezimira. Pakati pa nyalizo pali tizitsulo topingasa tolowetsa mphepo ku injini, ndipo pakatikati pake pakhala mkango, chizindikiro cha kampaniyo. Boneti ndi yathyathyathya, m'mbali ndi mowongoka, mulibe zotupatupa zimene tazolowera masiku ano. Zitsulo zogwira galasi lakutsogolo n'zoonda kwambiri, moti dalaivala ankaona ndi kamwana komwe kamene kakuthamangira mpira wachikulunga m'mphepete mwa msewu. Kumbuyo kuli mauta achitsulo omangirapo lona nthawi ya dzinja. Maonekedwe amenewa anawajambula ndi a kampani ya ku Italy ya Pininfarina, omwenso ankajambula magalimoto a Ferrari, ndipo 404 yoyamba inatuluka m'fakitale ya ku Sochaux, ku France, mu 1960. Ya zitseko zinayi, yonyamula anthu, inali ndi timapiko tosongoka kumbuyo, kutengera fasho ya ku America ya m'zaka za m'ma 1950. Pikapu inalibe timapikoto, koma nkhope inali imodzimodzi. Zimandisangalatsa kuti anthu ojambula magalimoto a mpondamatiki ndi omwewo anajambula nkhope ya galimoto yotuta njerwa ku Kawale, ndipo sanaijambule mwamphwayi.

Koma chofunika kuposa zonse pa chithunzichi chili pansi. Pakati pa dothi ndi mimba ya galimoto pali mpata waukulu, moti nkhuku yaima njo pamenepo, mutu osakhudza chitsulo. Matayala ndi aatali, oonda, ochindikala m'mbali, ndipo kumbuyo kukuoneka masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Mpata umenewo ndiwo unali moyo wa galimotoyi. Mu 1978 mzinda wa Lilongwe unali ukumangidwa kumene. Likulu linali litangochoka ku Zomba mu 1975, bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, linali kalikiliki ku Capital Hill ndi ku City Centre, koma kumalokeshoni munthu ankangopatsidwa puloti kuti amange yekha nyumba. Phula linkathera kumisewu ikuluikulu. Mukangokhota kulowa m'makwalala, chilimwe linali fumbi lofiira, dzinja anali matope ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi a mvula. Galimoto yotsika mimba ikanasiya ekizozi panjira pa ulendo woyamba.

Misewu yotere 404 inali itailawa kale. Inapambana mpikisano wa East African Safari Rally mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, pa makilomita zikwizikwi a fumbi ndi matope a ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Ku France yonyamula anthu ija analeka kuipanga mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kulumikiza 404 mpaka 1991, chifukwa ogula a kuno anali asanatope nayo. Mlowam'malo wake, 504, anatuluka mu 1968, ndipo ku Kaduna, ku Nigeria, anaipanga mpaka m'zaka za m'ma 2000. Ogula a ku Africa ankawerengedwa. Munthu wa kuno ankagula galimoto imene wopanga wake akudziwa kuti ikaponda dothi lotani.

Atsibweni anaigula yoyendapo kale kwa Mmwenye wina amene anali ndi sitolo kumudzi. M'zaka zimenezo boma la Kamuzu linalamula Amwenye kuti atseke masitolo a m'midzi n'kusamukira m'mizinda, ndipo ena ankagulitsa katundu posamuka. Ndalama yake atsibweni anaisunga pang'onopang'ono pa udalaivala wa lole yotuta mchenga pomanga likulu. Mumzere wathu wonse wa nyumba galimoto inali yomweyi.

Pa galasi lakutsogolo pakuoneka chiwongolero chachikulu, choonda. Chimene sichikuoneka, koma ndimachikumbukira bwino, ndi mpando. Unali umodzi, kuchokera chitseko ichi kukafika chitseko icho. Giya sinali pansi pakati pa miyendo. Kanali kandodo kotuluka pakhosi pa chiwongolero, dalaivala n'kumasintha dzanja lili m'mwamba. Chifukwa cha zimenezi pakati panali popanda chopinga, moti kutsogolo kunkakhala anthu atatu momasuka, anayi mopanikizana. Pakatipo ndi pamene ankakhala mayi woyembekezera usiku wothamangira ku Bottom, chipatala chimene lero timati Bwaila, uku dalaivala, uku apongozi atamugwirizira. M'nyumba munalibe mafoni. Munthu ankangofika pazenera usiku pakati: "Odi bambo! Pepani takudzutsani, mayi kunyumbaku matenda ayamba." Atsibweni ankavala jekete pamwamba pa zogonera, osafunsa za ndalama.

Kumbuyo kunkakwera chilichonse. Lero njerwa ndi malata a munthu amene wapatsidwa puloti ku Area 25, mawa matumba a chimanga ochokera ku Mitundu, Loweruka amayi a mvano opita kumsonkhano, akuimba njira yonse mipango ili petupetu. Kukagwa zovuta, bokosi linkagona pakati, anamfedwa atakhala m'mbali, ulendo wa ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Dowa. Ya maliro sankalipiritsa. Anthu ankangosonkha ya petulo, ndipo pobwerera ankatola matola kuti papezeke yogulira tayala. Sindikunena kuti mainjiniya a ku France ankaganiza za maliro a ku Dowa. Iwo anapanga galimoto yosasankha ntchito, ndipo anthu a ku Kawale anaipatsa ntchito zonse zimene moyo wawo unali nazo.

Loweruka lopanda ulendo boneti inkatsegulidwa. Injini inali ya masilinda anayi, ya 1618cc, yopendekeka cham'mbali kuti boneti isatukuke. Kuzungulira injiniyo kunali mpata woti dzanja lilowe mpaka m'chigongono, ndipo mukasuzumira munkaona dothi pansi. Chilichonse chinali poyera ndipo chinali ndi dzina lake: kabuleta, mapulagi, mapointi, koyilo, fanibeluti, pampu ya petulo. Atsibweni ankailiza n'kundiitana. "Mphwanga, tabwera kuno. Tatchera khutu, ukumva chiyani?" Kenako ankazula waya wa pulagi imodzi, injini n'kuyamba kutsimphina, galimoto yonse ili gwedegwede. "Wamva tsopano? Ikamalira chonchi, silinda imodzi yagona." Ankabwezera wayayo, kulira n'kusalala, n'kuzula wina kuti khutu lizolowere. Mapointi akada ankawapala ndi kasandipepala. Kabowo ka m'kabuleta kakatseka ndi fumbi ankakamasula n'kukauzira. Gasiketi ikang'ambika ankadula ina pa chikuto cha kope. Thanki ikayamba kudontha panjira, sopo wamtanda ankakufikitsani kunyumba, ndipo batire ikafooka m'mawa anyamata a m'makwalala ankadziwa kale kuti kukankha kumathera pa katsetse ka kumpopi.

Ngakhale mkati mwenimweni mwa injini munali mokonzeka. Masilinda ake anali ndi masilivi ochotseka, moti injini ikatha mphamvu n'kuyamba kufuka, makaniko ankazula masiliviwo n'kuika atsopano pamodzi ndi mapisitoni ndi maring'i, injini n'kubwerera mwakale. Apa ndi pamene ndimaona maganizo a wopanga. Ankadziwa kuti galimotoyi idzakalamba, ndipo ankayembekezera kuti idzakonzedwa kangapo konse ndi munthu amene zida zake zonse zimakwana m'bokosi limodzi.

Madala ambiri amene lero ali ndi magalaja ku Biwi Triangle, ku Mchesi kapena pansi pa mitengo ku Area 25 anaphunzirira pa injini zoterezi: 404 ndi 504, Datsun 1200, Land Rover, malole a Bedford, ndi Volkswagen ya injini yakumbuyo ija, yozizira ndi mphepo, yopanda redieta. Ena mwa iwo sanafike Sitandade 8. Anayamba ndi kutsuka mabawuti m'beseni la petulo ndi kupatsira masipanala, ndipo galimotoyo inkawaphunzitsa yokha, chifukwa chovuta chilichonse chinkaoneka ndi maso kapena kumveka ndi khutu. Luso limeneli linali chuma cha dera. Galimoto ikafa, gawo lalikulu la ndalama yokonzetsera linkapita kwa makaniko, kwa wowotcherera ndi kwa wosoka mipando, onse a pomwepo, ndipo madzulo ndalamayo inkagula ndiwo pamsika wa Kawale.

Komabe ndimakana ndikamva anthu akuti zakale zinali zitsulo zenizeni, za lero ndi mapepala, ngati kuti kulimba kwa bodi ndiko kuteteza munthu. M'galimoto ya atsibweni munalibe amene ankamanga lamba. Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno anamupanga ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, 404 isanatuluke n'komwe, koma kuno zinatenga zaka zambiri kuti anthu amuzolowere. Mpando unalibe potsamiritsa mutu, ndipo chiwongolero chinali pansonga pa chitsulo cholunjika pachifuwa cha dalaivala. Chaka china atsibweni anagunda ng'ombe usiku cha ku Nathenje. Boneti inapindika, redieta inabooka, koma sipanapite nthawi galimoto inali yabwerera pamsewu, anthu akuiyamikira kuti iyi ndiye yolimba. Mwini wake anathyoka nthiti, ndipo mpaka imfa yawo ankadandaula chifuwa kukangoyamba kuzizira mu Juni. Mphamvu ya ngozi iyenera kuthera penapake. Chitsulo chikakana kupindika, zimapindika ndi nthiti za munthu. Galimoto ya lero imaphwanyika dala kutsogolo kuti imeze mphamvuyo isanafike kwa okwera, nzeru imene injiniya wa Mercedes-Benz, Béla Barényi, anabwera nayo m'zaka za m'ma 1950. Munthu akatuluka wamoyo m'galimoto yophwanyikiratu, anthu amapukusa mitu kuti galimoto zake n'zosalimba, pamene kuphwanyikako ndiko kwamupulumutsa.

Nanga ife a kumbuyo? Pikapu ya matola ikaphulika tayala n'kugubuduzika, anthu ankamwazika m'tchire, ndipo mabanja ambiri m'dziko muno ali ndi manda amene anakumbidwa chifukwa cha ulendo wotero. Petulo wake anali wa mtovu, umene unathetsedwa m'maiko a kuno mu 2006. Ndi petulo yemweyo amene amakaniko ankayamwa ndi paipi pakamwa n'kusambanso m'manja, ndipo utsi wake tinkaupuma ife ana tikamathamangira galimoto m'fumbi. Zimenezi sindizilakalaka ngakhale pang'ono.

Lero pa siteji ya ku Chinsapo kapena ya ku Area 25 pamaima Sienta, Freed, Passo ndi Mira. Amachokera ku Japan atayendapo kale. Wogula amasankha pa foni, galimoto n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe. Ubwino wake ndi woonekeratu. Amamwa mafuta pang'ono, ndipo amene anagonapo pamzere wa mafuta mu 2011 kapena m'zaka zaposachedwazi sangasirire ludzu la injini ya kabuleta. Amalira kamodzi n'kamodzi ngakhale m'mawa wa Juni. Ali ndi malamba ndi matumba a mpweya oteteza pangozi. Mphunzitsi kapena namwino akhoza kusunga ndalama n'kugula yake, ndipo mayi woyembekezera masiku ano ali ndi manambala a madalaivala angapo m'foni, sadalira zenera la munthu mmodzi.

Koma magalimoto amenewa anawapangira misewu ya ku Osaka ndi ku Nagoya, ndiponso mwini amene adzaisiye isanakalambe. Lamulo la kumeneko limafuna kuti galimoto ipimidwe ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako kumadya ndalama, choncho ambiri amangogulitsa n'kugula ina. Palibe amene m'fakitale anaganizako za msewu wa ku Mgona mu Febuluwale. Mimba imakhula pansi pa bampu iliyonse, bampa yapulasitiki imayenda itamangidwa ndi waya, wailesi imayankhula Chijapanizi. Tsiku lina kanyali kamayaka pa dashibodi, mukatsegula boneti n'kupeza chivundikiro chapulasitiki ndi mawaya othinana, popanda polowa dzanja. Makaniko amapukusa mutu: "Madala, iyi osaigwiragwira. Ikufunika kompyuta." Sensa ikafa sakonza, amagula ina. Giyabokosi ya CVT ikayamba kuterereka, ambiri saitsegula, amafunafuna ina yochotsedwa m'galimoto yophwasulidwa ku Japan kapena ku Dubai, ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, m'mipanda yambiri munayamba kuoneka magalimoto atakhala pamiyala, bodi ili bwinobwino, akudikira kachipangizo kokwana m'thumba la malaya.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Kale galimoto ya munthu wamba inali yokwera, yopirira, yokonzeka ndi manja a m'dera. Magalimoto opangidwa ndi maganizo amenewo alipobe. Land Cruiser 70, imene inayamba mu 1984, akuipangabe mpaka lero, ndipo Hilux imadutsa paliponse. Koma mtengo wake ndi wa boma, mabungwe ndi makampani, anthu amene maofesi awo ali m'mbali mwa phula. Kapikapu kotchipa ka Nissan 1400, kamene ankapanga ku Rosslyn ku South Africa, anakasiya mu 2008. Choncho munthu amene amakhala kumene msewu ndi woipitsitsa ndiye amayenda pa galimoto yotsikitsitsa, ndipo ikafa, ndalama yambiri imatuluka m'dziko kukagula chipangizo chosatseguka, makaniko n'kutsala ndi yomasula ndi kumanga. Ndife eni omaliza a magalimoto amene anaganiziridwa anthu ena. Pogula timafunsa chaka, mtundu ndi makilomita amene yayenda. Funso limene atsibweni ankayamba nalo, loti ikafa aikonza ndani ndipo aikonza ndi chiyani, timalikumbukira galimoto ili kale pakhomo.

Amene sanagonje ndi amakaniko. Kawirikawiri Sienta ikangolowa m'dziko muno, ulendo wake woyamba ndi wa ku Biwi kukakwezedwa. Amaika masipesa pamwamba pa mashoko, ena amasintha masipuling'i akumbuyo kuti ipirire anthu ndi matumba a mbatata, ena amawotcherera chitsulo pansi pa injini kuti mwala usaboole sampu. Ntchito imene fakitale sinachite akuimaliza ndi anyamata ovala maovolosi ong'ambika, pabwalo lothira oyilo wakuda. Kukwezako kuli ndi mtengo wake, chifukwa galimoto yokwezedwa mopitirira imadya mabushi ndi mashafuti msanga ndipo imayepa pokhota, koma pa misewu yathu mwini galimoto alibe kuchitira mwina. Anyamata omwewo anagula timakina tolowetsa pansi pa chiwongolero, tolumikiza ku foni, ndipo amawerenga manambala a zovuta n'kukafufuza tanthauzo lake pa YouTube. Kamakinako kakhoza kunena kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuposa mafuta, koma sikanena kuti paipi yang'ambikira pati, ndipo pamenepo amaitanabe madala kuti adzatchere khutu.

Tsopano kwabwera Aqua, Prius ndi Fit za hybrid, zoyendera petulo ndi magetsi. Batire yake yaikulu ikafooka, yatsopano ndi yosagulika, choncho ena ayamba kuitsegula n'kumayesa zigawo zake chimodzichimodzi, kuchotsa zakufa n'kuika zamoyo. Ndi nzeru yomwe ija ya masilivi, ndipo ndimainyadira. Koma batire imeneyi si ya mavoti 12. Mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula mavoti oposa 100, okwanira kupha munthu. Sukulu ngati Lilongwe Technical College ndi maphunziro a TEVETA amafikira ochepa, pamene unyinji wa amakaniko a m'malokeshoni umaphunzirabe monga kale, poyang'ana manja a mnzako wamkulu. Pa kabuleta kuphunzira kotero kunkakwana, chifukwa wolakwitsa ankangotaya petulo. Pa batire ya hybrid mnzako wamkuluyo nayenso akuiona koyamba, ndipo anyamata ambiri akuigwira ndi manja osavala kanthu, asanauzidwe n'komwe kuti pali pulagi yoyenera kuzula choyamba.